Kukasaka mizukwa ku dambo ndi mita m'manja

Mwana wa mlongo wanga anafika kwathu pa Kamwendo Loweruka lina m'mwezi wa June atanyamula kope la sukulu lolembedwa mpaka pachikuto. Asanakhazikike n'komwe pampando anayamba: "Amalume, tikufuna tijambule filimu yoopsa, ya mphindi khumi zokha. Mutiperekeze ku dambo usiku. Inu ndinu aphunzitsi, anthu akakuonani sangatifunse zambiri."

Nkhani ya m'kopemo inali yotere. Anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi ochokera m'tauni, ntchito yawo ndi yofufuza za mizukwa. Amva kuti ku dambo lina kumaoneka moto woyenda wokha usiku, ndiponso kumamveka khanda likulira. Apita ndi kamera, matochi ovala pachipumi, chojambulira mawu, ndi kamita kamene kamathwanima mzukwa ukayandikira. Nkhungu itsika. Mmodzi apatuka kukataya madzi, osabwerera. Wachiwiri atsata kulira kwa khanda kuja. Kumapeto foni yagwera m'matope ikujambulabe udzu, ndipo patadutsa kanthawi phazi lopanda nsapato likudutsa pang'onopang'ono patsogolo pake. Ndinayamba kuwerenga ndikuseka, koma pa phazi lija thupi linachita tsemwe. Mnyamatayu anali atagwira kale chinsinsi cha filimu yoopsa yaifupi: chilombo usachionetse, onetsa pamene chaponda, zotsalazo woonera adzipangira yekha.

Chimene sanachiganizire n'chakuti anthu atatu akewo anawabwereka kunja, m'mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja amene ana amaonera m'tinyumba ta vidiyo pamsika, ndi m'timakanema ta pa YouTube ndi TikTok. Anawabwereka ndi zida zawo zomwe, osafunsa kuti zidazo zimayeza chiyani, kapena kuti anthu otere akatulukira usiku m'mudzi wa ku Mchinji zingawathere bwanji.

Ntchito yosaka mizukwa ndi zida si yakale kwambiri. Mu 1848, m'kamudzi ka Hydesville m'chigawo cha New York ku America, atsikana awiri apachibale, Margaret ndi Kate Fox, ananena kuti mzimu ukuwayankha pogogoda m'nyumba mwawo. Mbiri inawanda, anthu nkumalipira kuti akamve akufa akugogoda, ndipo panabuka chipembedzo chathunthu cholankhula ndi mizimu. Patapita zaka 40, mu 1888, Margaret anaima pamaso pa khamu la anthu nkuulula kuti kugogoda konse kuja ankakuchita ndi mfundo za zala za kumapazi. Chaka chotsatira anabweza mawu akewo, koma madzi anali atatayika kale. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1882, ophunzira ena anakhazikitsa ku London bungwe la Society for Psychical Research kuti nkhani za mizukwa azifufuze monga momwe amafufuzira za sayansi, ndi mboni, zolemba ndi zoyezera. Munali akatswiri enieni monga William Crookes ndi Oliver Lodge. Bungweli lilipo mpaka lero, ndipo mbali ina ya ntchito yake yakhala kuvumbula achinyengo. Koma chithunzi chimene ana athu amachidziwa, cha anyamata ovala zakuda akunong'onezana mumdima kamera ikuonetsa zobiriwira, chinabwera ndi mapulogalamu a pa TV a m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Amenewo cholinga chawo n'chakuti musasinthe tchanelo.

Tiyambe ndi kamita kothwanima kaja, chifukwa ndi kamene mphwangayo ankakadalira kwambiri. Kanapangidwira anthu a zamagetsi. Kamayeza mphamvu imene imazungulira waya kapena chipangizo chilichonse chimene mukudutsa magetsi. Ukakayandikiza ku firiji, ku wailesi kapena ku thiransifoma, kamayaka. Foni ya m'thumba ikamalandira uthenga, mitundu ina ya timamita timeneti imathwanima. Palibe amene anagwirapo mzukwa nkuuyeza kuti aone ngati umatulutsa mphamvu imeneyi, ndiye kunena kuti mita yayaka chifukwa cha mzukwa kuli ngati kuika sikelo ya fodya pakhomo nkumati ikagwedera ndiye kuti kwabwera mfiti. Ku dambo, kumene kulibe waya ndi mmodzi yemwe, mita ikathwanima muyambe mwafufuza m'matumba mwanu.

Chojambulira mawu chili ndi mbiri yakeyake. Mu 1959 Friedrich Jürgenson, wa ku Sweden, ankajambula kulira kwa mbalame, ndipo pomvetsera tepi anati wamva mawu a anthu akufa. Kuyambira pamenepo osaka mizukwa amafunsa mafunso mumdima, nkukamvetsera kunyumba phokoso la shiii lija mobwerezabwereza mpaka atatolamo liwu. Izi ndimaziyesa m'kalasi ndikamaphunzitsa za mawu. Ndimajambula mpope ukudontha m'ndowa, nkuwaseweretsa ana. Poyamba amati ndi madzi basi. Ndikangowauza kuti mvetserani bwino, muli munthu akuti "bwera kuno," manja amayamba kukwera, ena mpaka kulumbira kuti ndi mawu a mzimayi. Ubongo wa munthu sukonda phokoso lopanda tanthauzo, umaliumba kuti likhale mawu, monga momwe timaonera nkhope pa chitsa madzulo.

Pali nkhani imodzi imene ndimaikonda chifukwa wofufuzayo anali wachilungamo. Injiniya wina wa ku England, Vic Tandy, ankagwira ntchito m'chipinda chimene anzake ankati muli mzukwa. Iye mwini usiku wina anatuluka thukuta lozizira nkuona chinthu chotuwa m'mbali mwa diso. M'malo mothawa anayeza, ndipo anapeza kuti fani yatsopano inkatulutsa kanjenjemera ka mpweya ka maulendo pafupifupi 19 pa sekondi. Khutu la munthu limayamba kumva pa 20, ndiye mawuwo sankamveka koma thupi linkawalandira. Atakonza faniyo mzukwa unasamuka. Analemba zimenezi mu 1998. Komanso James Randi, katswiri wa masewera a matsenga a pasiteji, anaika ndalama zokwana 1 miliyoni ya madola kwa aliyense amene angaonetse mphamvu zodabwitsa poyesedwa mwachilungamo. Mpikisanowo unatha mu 2015 ndalamazo zisanapite kwa munthu.

Zida tazisiya pamenepo. Dambolo ndiye lili ndi zambiri zokamba.

Ife a kuchigwa cha Mchinji ndi Kasungu dambo timalizolowera mpaka kuiwala kuti ndi malo achilendo. Ngakhale akatswiri a za nthaka a kunja, polemba m'Chingerezi, anasowa liwu lawo nkungotenga lathuli, nawonso amati dambo. Ndi chigwa chosazama, chopanda mitengo pakati, cha udzu ndi dothi lakuda la makande, chimene chimamwa madzi a dzinja nkumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mtsinje wa Bua, umene umayambira kuno ku Mchinji nkudutsa ku Kasungu ndi m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kunyanja, umadyetsedwa ndi madambo otere, chimodzimodzinso Rusa amene amathira mu Bua. Masana ndi malo a madimba, a ng'ombe, a udzu wofolerera ndi oumba njerwa. Usiku amasanduka dziko lina, ndipo zifukwa zake n'zodziwika.

Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetserekera kumunsi ngati madzi. N'chifukwa chake ukamatsika panjinga kulowa m'dambo usiku wa June umamva ngati wina wakuthira madzi a mumtsuko kumaso. Osaka mizukwa a pa TV akamva kuzizira kwadzidzidzi kotere amati mzimu wadutsa. Kuno ndiye kuti mzimuwo umadutsa usiku uliwonse kuyambira May mpaka August. Mpweya wozizirawo ukakumana ndi chinyontho umabala nkhungu yoyandama m'chiuno, ndipo tochi ikawala m'nkhungu imaoneka ngati mpira wa moto wopanda woutenga. Chinanso, pamene mpweya wozizira wagona pansi ndipo wofunda uli pamwamba, mawu sathawira kumwamba, amapindikira pansi nkuyenda mtunda wautali. Nyimbo za pamaliro a kutsidya, kapena ng'oma ya mudzi wachitatu, zimamveka ngati zikuchokera pa bango lili apo.

Khanda lolira lija ndinamuuza mphwanga kuti ndikulidziwa dzina. Ndi changa, kanyama ka maso aakulu kamene kamakhala m'mitengo ya m'mphepete mwa dambo. Kulira kwake usiku, ngati sunakamvepo, ungathe kuthamangira kukatola mwana. Kumene kudakali mphoyo, imaliza likhweru lakuthwa ikadzidzimuka, ngati munthu akuitana mnzake. Lumbe amakhala phee panjira, maso ake nkumabweza kuwala kwa tochi ngati makala awiri, kenako nkuuluka mopanda phokoso pamaso pako penipeni. Onjezani achule, kadzidzi, ndi ziphaniphani m'nyengo ya mvula. Wojambula filimu safunikanso kugula mawu oopsa pa intaneti.

Nanga moto woyenda? Apa mpamene anzanga ophunzira amafulumira kuyankha kuti ndi gasi, nkhani yatha. Gasiyo alipodi. Udzu ndi masamba zikamaolera pansi pa madzi, pamene palibe mpweya wabwino, tizilombo tosaoneka ndi maso timatulutsa gasi wotchedwa methane. Tengani ndodo mukatokose matope a pachithaphwi, muona timathovu tikukwera. Alessandro Volta, yemwe uja dzina lake linatipatsa mavoti a batire, anachita zomwezo mu 1776 m'madambo a nyanja ya Maggiore ku Italy, natolera gasiyo m'botolo nkupeza kuti amayaka. Vuto n'lakuti methane sayaka yekha. Amafuna lawi, kapena kutentha kopitirira madigiri 500, ndipo matope a m'dambo usiku ndi ozizira ngati mwala. Ena amati pali gasi wina, phosphine, wochokera ku zinthu zoola, amene akasakanikirana ndi mnzake wa mtundu womwewo amatha kuyaka akakumana ndi mpweya. Ndi ganizo lomveka, ndipo akatswiri akukanganabe za ilo. Yankho la gasi linachititsapo manyazi munthu wamkulu: mu March 1966 anthu ambiri ku Michigan, ku America, anaona kuwala kodabwitsa pamwamba pa madambo, ndipo katswiri wa za nyenyezi J. Allen Hynek, wotumidwa ndi asilikali a m'mlengalenga, anati mwina ndi gasi wa m'dambo. Anthu anamuseka dziko lonse, mpaka Gerald Ford, amene pa nthawiyo anali phungu wa kuderalo, anapempha kuti nyumba ya malamulo ifufuze.

Ine maganizo anga ndi akuti moto woyenda wa m'madambo a kuno nthawi zambiri uli ndi miyendo iwiri. Ndi mnyamata wa muuni akusaka milamba. Ndi mwini dimba akulondera tomato, kapena wakuba tomatoyo. Ndi wonyamula kachasu amene sakufuna msewu. Kufupi ndi malire a Zambia ndi njinga zolemedwa ndi matumba zimene eni ake ali ndi chifukwa chosadzera pachipata. Ndi bambo wina amene akuchokera kumene sanayenera kupita. Onsewa akaona tochi yanu amazimitsa yawo, ndipo mawa lake inu mukalumbira kuti motowo unangozimirira pamaso panu. Ndipo m'mwezi wa October, dambo likatenthedwa, dothi lodzaza mizu yakale limatha kunyekera pansi masiku angapo, usiku nkumaoneka kufiira pamalo pamene masana panali utsi wochepa chabe.

Zonsezi mphwanga anazimvetsera mwaulemu, kenako anati, "Ndiye amalume mukuti mizimu kulibe?" Sindinanene zimenezo, ndipo mita singayankhe funso limenelo mbali iliyonse. Chimene ndinamuuza n'chakuti anthu ake atatu aja akufunsa funso losakhala la kuno. Wosaka mizukwa wa pa TV amafunsa kuti kodi chilipo, tichijambule tikhale ndi umboni. Agogo athu sankafuna umboni. Mzimu wa kholo sausaka ndi tochi. Umabwera wokha kutulo, umadandaula kuti mwauiwala, achibale nkufulula mowa, kuthira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, nkhani nkutha. Chiwanda ndi mzimu wosakhazikika, ndipo nacho pali akuluakulu odziwa kuchita nacho. Maiwe ena ankalemekezedwa chifukwa cha Thunga, njoka ya m'chipembedzo cha mvula cha Achewa chimene likulu lake linali ku Msinja, kwa Makewana, mayi wansembe wamkulu wa chipembedzocho. Munthu sankapita pa dziwe lotero kukaona ngati zili zoona. Ankapita ndi nsembe, kapena sankapitako.

Ndiye pali malo ena amene si nkhani ya chikhulupiriro chokha koma ya lamulo la mudzi. Manda ambiri a kuno ali m'kankhalango koyandikana ndi dambo, ndipo kumeneko n'kumenenso kumakhala dambwe. Mawu awiriwa, dambo ndi dambwe, amasiyana pang'ono pakamwa, koma mlendo akawasokoneza ndi mapazi adziwa kusiyana kwake. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma ulemu umenewo sunatsegule dambwe kwa aliyense wa kamera. Wosagula njira salowako, ndipo kumanda sikupitidwa popanda mfumu.

Funso la kuno, chinthu chodabwitsa chikaoneka, ndi lakuti wachituma ndani. Limeneli ndiye loopsa kuposa filimu iliyonse, chifukwa kumapeto kwake kumakhala dzina la munthu, ndipo kawirikawiri ndi la nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu likakwiya silitsegula buku la malamulo. M'kope muja munali tsamba limene agogo ena akuoneka akuseka pakhomo pawo atatu aja atasowa. Ndinamuuza mphwanga kuti tsamba limenelo ling'ambidwe. Anakana, ati ndi pamene pali nkhani yonse. Ndinamufunsa kuti agogowo aseweredwa ndi ndani, ndipo filimu ikafika m'mafoni a m'mudzimo ana akawatchula chiyani popita kumjigo. Anakhala chete, koma tsambalo sanang'ambe tsiku limenelo.

Palinso mbali imene anyamata a m'tauni amaiwala msanga. Mu September 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje nkufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo ngakhale azaumoyo ankaopa kuyenda ndi zida zopimira odwala. Amene ankakayikiridwa anali otani? Mlendo, woyenda usiku, wonyamula chikwama, wokhala ndi kachipangizo kosadziwika ka mawaya. Werenganinso mndandandawo, nkuyang'ana anthu atatu a m'kope aja. M'filimu ya kunja iwo ndi osaka. M'mudzi wa kuno, kwa mayi amene wasuzumira pazenera pakati pa usiku nkuona nyali zitatu zikuyenda m'dambo pamsinkhu wa mutu wa munthu, iwowo ndiwo chilombocho.

Choncho ulendo woyamba tinapita masana, kwa amfumu, ndi nkhuku m'manja. Tinakhala pansi, nduna nkutifunsa chimene tadzera, ine nkufotokoza. Amfumu anamvetsera mpaka kumapeto, napempha kuti aone kamita kaja, kamene anyamata anabwereka kwa mnzawo wokonza mawailesi. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Aphunzitsi, kameneka kamaona mizimu?"

"Iyayi mfumu, kamaona magetsi."

"Nanga ku dambo kuli magetsi?"

"Kulibe."

"Basi kajambuleni, palibe chimene mukaononge."

Koma anaika malire. Mitengo ikuluikulu ya kumtunda kwa chitsime tisaiyandikire, kamera isaloze komweko. Dzina la mudzi lisatchulidwe. Ndipo asanaone n'komwe kope lija anati, "Za ufiti wa munthu musaikemo, ine milandu imeneyo yandikwana." Mphwanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhuku. Madzulo ake nduna inazungulira mudzi kulengeza kuti Lachisanu usiku kukhala ana a sukulu ku dambo ndi matochi, wina asakuwe.

Usiku wojambulawo zoopsa zenizeni zinali zimene sizilowa m'filimu. Makande anameza jombo ya mtsikana uja mpaka tinachita kuikumba ndi manja. Mnyamata wina anatuluka m'madzi ndi misundu iwiri pakatumba. Ndinawaletsa kuima nthawi yaitali m'madzi osayenda chifukwa cha likodzo, ndipo udzudzu, ngakhale kunali kozizira, unatipeza. Batire ya foni yojambulira inatsika msanga ndi chisanu, zimene osaka mizukwa a pa TV amati ndi mzimu ukuyamwa moto. Mita sinathwanime ngakhale kamodzi, mpaka anachita kuiyandikiza foni nkuimbirana kuti apeze chithunzi chimene ankafuna. Nkhungu yokha ndiyo inagwira ntchito yake mosanyengerera. Cha m'ma 11 koloko inali itafika m'chiuno, anyamata akuoneka ngati adulidwa pakati.

Tili pafupi kumaliza, wogwira kamera anandikoka dzanja. Kutsidya, chapansipansi, kunali kuwala kofiirira. Kunayenda pang'ono, kuima, kuyendanso, kenako kuzima. Palibe analankhula. Ine amene ndinakhala sabata yathunthu ndikufotokoza za mpweya wozizira ndi methane, m'kamwa munauma gwa. Kuwala kuja kunayakanso, pafupi kuposa poyamba.

"Ndani uko?" Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana wa Fomu 1.

"Ndifunse ndine. Inu ndani?"

Anali bambo wachikulire, atafunda bulangete, tochi ya mabatire otha m'dzanja limodzi, chikwanje m'dzanja linalo. Amagona m'kakhumbi ku dimba kwake kulondera kabichi, ndipo uthenga wa nduna sunamupeze chifukwa sabata yonseyo sanakwere kumudzi. Anati anationerera kwa ola lathunthu atabisala m'bango. "Nyali zitatu pamutu, wina akulira, wina akuseka, kenako kubwereza kulira komweko kachiwiri. Ndinati lero ndawaona ndi maso anga. Ndikanakuwa, koma ndinaopa kuti mundimva."

Tinakhala naye pamoto pakhumbi pake mpaka zala zinayamba kumva. Mphwanga, amene maso ake sachoka pa ntchito, anali akuyang'ana pansi. Bamboyo sanavale nsapato, mapazi ake anali ong'aluka zidendene, matope akuda ataumira mpaka m'akakolo. Anakambirana mtengo pang'ono, nagwirizana pa mabatire awiri atsopano ndi ya sopo. Anadutsa patsogolo pa foni katatu, ndipo ulendo wachitatu ndi umene uli m'filimumo.